Buffet ya ku Mangochi: chambo chilipo, koma ndiwo zathu anaziika kumapeto kwa tebulo

Aliyense amene anakhalapo pa msonkhano ku hotela za m'mbali mwa nyanja amaudziwa mzere wa nthawi ya nkhomaliro, pamene anthu atanyamula mbale amasendera pang'onopang'ono kutsogolo kwa mapoto achitsulo, aliyense akukweza chivindikiro kuti aone ngati zimene zili m'katimo zikuyenera kupatsidwa malo m'mbale yake. Buffet ndi njira imene hotela zathu zimadyetsera anthu ambiri pa nthawi yochepa, ndipo ubwino wake kwa mlendo ndi woti amalipira kamodzi n'kudya mmene akufunira, popanda kukhala pansi kudikira kuti chakudya chake chituluke kukhitchini. Ndemanga ino ikukhudza buffet ya hotela ina ya m'mphepete mwa nyanja m'boma la Mangochi, ndipo ndiiyerekeza ndi zimene ndinadya ku Addis Ababa m'dziko la Ethiopia komanso ku Tete m'dziko la Mozambique, chifukwa matebulo a kumeneko ndiwo anandionetsa bwino chimene chikusowa pa tebulo lathu.

Zoyamikira zilipo ndithu, ndipo si chilungamo kuzidumpha. Malo odyera ndi aukhondo, mphepo ya kunyanja imalowa bwino, ndipo pafupi ndi khomo pali posambira m'manja pokhala ndi sopo, chinthu chimene hotela zina zimaiwala ngakhale zikudziwa kuti alendo awo ambiri adya nsima. Chakudya chinkatuluka pa nthawi imene analonjeza, moto wa pansi pa mapoto sunkazima mpaka munthu womaliza atatenga, ndipo operekera zakudya ankachotsa mbale zodyedwa mwachangu koma mwaulemu, osamulanda munthu mbale akadali kunyambita fupa.

Vuto limayambira pa kayalidwe ka tebulo. Munthu akangotenga mbale amakumana ndi supu ndi buledi, kenako saladi wamitundumitundu, wambiri mwa iye atasambitsidwa mayonezi: kabichi, mbatata ya kachewere, ngakhale makaroni. Patsogolo pake pali mpunga, tchipisi ndi supageti, kenako nkhuku yowotcha, nyama ya ng'ombe yamsuzi ndi nsomba. Nsima, nyemba ndi ndiwo zamasamba zili kumapeto kwenikweni, pakona pamene mzere umathera, moti munthu amafikapo mbale itadzaza kale. Ndinaona bambo wina atafika pamenepo akuyang'ana mbale yake, akuyang'ananso nsima, kenako n'kusanjika mtanda pamwamba pa supageti chifukwa panalibe pena pouika. Kayalidwe kameneka si kangozi, ndipo kamauza mlendo, popanda mawu, chakudya chimene eni nyumba akuchiona kuti ndi chaulemu ndi chimene angochiikapo kuti pasakhale wodandaula.

Chambo ndicho chimene anthu ambiri amayendera ulendo wa ku Mangochi, ndipo pa hotela imeneyi chinabwera m'njira ziwiri zosiyana kwambiri. Panja, pafupi ndi khonde, wophika wina ankawotcha chambo chathunthu pamakala. Anali atachicheka mizere m'mbali kuti mchere ndi ndimu zilowe, adyo anali wochepa mosaphimba kukoma kwa nsomba, ndipo ankachitembenuza kamodzi kokha, khungu litauma bwino, n'chifukwa chake sichinkamatirira pa waya. Mnofu wake unali woyera, wofewa, wochoka pa minga popanda kulimbana nawo, ndipo mutu, umene odziwa nsomba sausiya, unali utapsa mpaka m'kati. Chimenechi ndicho chakudya chabwino koposa chimene ndinadya pamalopo, ndipo ndinganene mosakayika kuti palibe nsomba imene ndinadya kunja kwa dziko lino imene inachiposa. M'kati, m'poto wachitsulo, munali chambo china chochotsedwa minga, chokutidwa ndi nyenyeswa za buledi n'kukazingidwa m'mafuta. Mwina chikutuluka m'chiwaya chinali chabwino, koma nthunzi ya pansi pa chivindikiro inali itafewetsa chikuto chonse, nsombayo n'kungosanduka chinthu chonyowa chosadziwika mtundu. Chakudya chokazinga sichipirira kukhala m'poto wovindikira, ndipo wophika aliyense amadziwa zimenezi.

Pa nkhani ya chambo pali funso limene mlendo ayenera kufunsa. Nsomba imeneyi yachepa kwambiri m'nyanja ya Malawi ndi ya Malombe chifukwa cha kuphedwa mopyola muyeso, moti m'chaka cha 2018 bungwe la padziko lonse loona za chitetezo cha zachilengedwe la IUCN linaika chambo pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pachiopsezo chachikulu chotheratu, ndipo chaka chilichonse kuyambira mwezi wa November asodzi a makoka amaletsedwa kulowa m'madzi kuti nsomba ziswane. Komabe pa buffet chambo chimapezeka chaka chonse, zimene zikusonyeza kuti china chimachokera m'makola oweteramo nsomba a pa nyanja kapena m'maiwe, ndipo nthawi zina chimene chalembedwa kuti chambo amakhala makumba. Palibe cholakwika ndi nsomba yoweta, ndipo kuweta ndi njira imodzi yopumitsira nyanja, koma hotela iyenera kulemba zoona pa kachikwangwani ka pa poto kuti munthu adziwe chimene akulipira. Chodabwitsa china n'chakuti nyanja yokhala ndi nsomba zamitundu yambirimbiri inkaimiridwa ndi nsomba imodzi yokha. Kampango anaoneka kamodzi, wophikidwa bwino mu msuzi wa tomato, koma mcheni, utaka ndi usipa sizinaoneke n'komwe, chonsecho munthu akayenda pang'ono pa mchenga amafika pa mathandala pamene amayi akuyanika usipa womwewo. Usipa wauwisi wophikidwa ndi tomato, anyezi ndi kambuzi pang'ono ndi ndiwo imene mlendo wochokera ku Ulaya sangaipeze kwina kulikonse, pamene supageti angamupeze pa bwalo la ndege lililonse.

Nsima inali ya ufa woyera, yophikidwa mosamala, yopanda mibulu, koma mtanda uliwonse unali wokulungidwa m'pulasitiki. Cholinga chake chikumveka, chifukwa akufuna isaume komanso isagwidwe ndi manja a anthu ambiri, koma nsima yotentha ikatsekeredwa motero imachita thukuta, kunja kumaterera, ndipo fungo la pulasitiki limatsalira. Hotela imene imakwanitsa kuimika wophika woti azikazingira aliyense dzira lake m'mawa ingathenso kuimika munthu ndi chipande kuti aziomolera nsima pomwepo kuchokera mumphika. Ya mgaiwa panalibe, ngakhale kuti masiku ano anthu ambiri, makamaka amene madokotala anawalangiza za shuga, amaifuna, ndipo kondowole, amene ndi nsima ya anthu a ku Nkhotakota ndi Nkhata Bay m'mbali mwa nyanja yomweyi, sanatchulidwe n'komwe. Mpunga ndiye unali wonyaditsa, Kilombero weniweni wa ku Karonga, amene fungo lake linkamveka chivindikiro chisanachoke, wophikidwa moti njere iliyonse inaima payokha. Ndinalakalaka kuti amene anaganiza zoitanitsa mpunga ku Karonga akanakumbukiranso mbalagha, nthochi zophikidwa pamodzi ndi nyama, zimene zimapirira bwino kukhala pa moto wochepa kuposa tchipisi.

Pa ndiwo zamasamba ndi pamene mtima unandiwawa. Nthawi zambiri munali repu kapena chainizi wokazinga ndi mafuta ambiri, wodulidwa mothamanga, mapesi ake akadali olimba. Tsiku lina kunabwera nkhwani wotendera m'kapoto kakang'ono, ndipo unatha mzere usanafike pakati. Amene tinali kumbuyo tinangopeza zokanda za m'mphepete, ndipo nditafunsa mnyamata woperekera zakudya anagwira m'manja nati, "Pepani bwana, watha, koma ndikawauza akukhitchini kuti mawa awonjezere." Pa nthawi yomweyo poto wa makaroni anali asanakhudzidwe ngakhale theka. Wophika wanzeru amawerenga mapoto akamabwerera kukhitchini, chifukwa poto wopanda kanthu ndi poto wodzaza amanena zimene alendo akufuna momveka kuposa pepala lofunsa maganizo limene amaika m'chipinda. Bonongwe, chisoso, luni, khwanya, kholowa, chigwada, therere lophikidwa ndi chidulo, ngakhale mfutso wa m'chilimwe, zonsezi ndi ndiwo zosiyana makomedwe ndi kaphikidwe, zokwanira kudzaza tebulo lalitali popanda kubwereza, koma palibe imene inapatsidwa malo.

Ku Addis Ababa Amalawi ambiri amafikako podutsa, popeza ndege za Ethiopian Airlines, kampani imene ili ndi gawo la 49 peresenti mu Malawi Airlines, zimanyamula anthu kuchokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre kupita pa bwalo la Bole, ndipo amene adikire ndege ina usiku wonse amagonekedwa ku hotela za mumzindamo. Buffet ya hotela imene ndinagonako inalinso ndi pasta, amene anakhazikika m'dzikolo makamaka kuchokera pa nthawi imene Italy inalilanda pakati pa 1936 ndi 1941, koma chinthu choyamba chimene munthu ankakumana nacho atatenga mbale chinali injera wokulungidwa bwino, ndipo motsatira pake panali shiro wa ufa wa nyemba zamtundu wa tchana, mphodza zofiira zophikidwa ndi tsabola wosakaniza ndi zokometsera zina wotchedwa berbere, masamba otchedwa gomen, ndi doro wat, nkhuku ya msuzi wofiira wokhala ndi mazira owiritsa. Injera amapangidwa ndi ufa wa mbewu ya njere zing'onozing'ono yotchedwa teff umene amausiya usase kwa masiku angapo, n'chifukwa chake amawawasa ngati thobwa logona, ndipo amagwira ntchito ya mbale ndi ya supuni yomwe, popeza munthu amanyema chidutswa n'kutapira ndiwo. Palibe amene anapepesa chifukwa cha kuwawasako, ndipo alendo ochokera m'mayiko osiyanasiyana ankatenga, ena akufunsa kadyedwe kake, operekera zakudya n'kumawaonetsa mosangalala.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi ulemu umene anthu a kumeneko amapereka kwa ndiwo zopanda nyama. Akhristu a mpingo wa Orthodox amasala nyama, mkaka ndi mazira Lachitatu ndi Lachisanu lililonse, kuphatikizapo nyengo zitalizitali zosala pa chaka, ndipo chifukwa cha zimenezi luso lophika masamba ndi nyemba linakula kwambiri. M'malo odyera ena a mumzinda ndinaitanitsa beyaynetu, injera mmodzi wamkulu wokhala ndi timilu ta ndiwo zosiyanasiyana mozungulira, chilichonse ndi mtundu wake ndi kakomedwe kake, ndipo mbale imeneyi imaperekedwa monyadira kwa mlendo wolemekezeka. Gomen amene anali pamenepo sasiyana kwenikweni ndi masamba amene timalima kudimba, ndipo sindinganene kuti amakoma kuposa nkhwani wotendera bwino. Kusiyana kwake ndi malo amene wapatsidwa. Khofi nayenso amaperekedwa ndi mwambo wake, mayi atakhala pa kampando kakang'ono akukazinga njere pamakala, akuzisinja, n'kuwiritsa mu mtsuko wadothi wotchedwa jebena, lubani akufuka, mbuliwuli zili pambali.

Si zonse za ku Addis Ababa zimene zinandikomera. Doro wat wa pa buffet anali atachepetsedwa berbere poopa alendo, moti poyerekeza ndi amene ndinadya mumzinda anali wozizira mkamwa, ndipo izi zikusonyeza kuti matenda oopa mlendo sali kwathu kokha. Kitfo, nyama ya ng'ombe yogayidwa imene eni ake amaikonda yaiwisi itasakanizidwa ndi batala ndi tsabola wa mitmita, ndinapempha kuti aiwambe pang'ono, ndipo ngakhale apo batala wake anandilemera. Injera nayenso akadyedwa m'mawa, masana ndi madzulo, munthu wozolowera nsima amayamba kuisowa.

Chitsanzo cha ku Tete ndicho chimapweteka kwambiri chifukwa ndi cha pafupi, ulendo wa pa msewu kudzera ku Mwanza ndi ku Zobue, kwa anthu amene Chinyungwe chawo munthu wolankhula Chichewa amachitolako. M'kanyumba kodyera kena kufupi ndi mtsinje wa Zambezi, pa mndandanda wa zakudya panalembedwa matapa, ndi mtengo wake, pakati pa nkhuku ya piri-piri ndi nyama ya mbuzi imene Tete amatchuka nayo m'dziko lonse la Mozambique. Matapa ndi masamba a chinangwa osinja, ophikidwa nthawi yaitali ndi nsinjiro ndi mkaka wa kokonati, ndipo ku madera a kunyanja yamchere amaikamo nkhanu kapena nsomba zina. Kupatula kokonatiyo, ndi chigwada chotendera chimene amayi a ku Nkhotakota amaphika tsiku ndi tsiku, koma ku Mozambique chimadziwika ngati chakudya cha dziko, ndipo mlendo akachoka asanachilawe amauzidwa kuti ulendo wake sunakwane. Chakudyacho chinachedwa kubwera, kutentha kwa ku Tete kukuwotcha ngakhale pamthunzi, koma chitafika chinali choyenera kuchidikira. Ku Lusaka nakonso malo a Matebeto ku Thornpark amadzaza ndi anthu a m'maofesi ofuna ifisashi, amene ndi masamba otendera, ndi chikanda, ndipo palibe amene amaona ngati watsika.

Eni hotela ali ndi zifukwa zawo, ndipo zina ndi zomveka. Ambiri mwa odya buffet ku Mangochi si alendo akunja koma Amalawi obwera ku misonkhano, ndipo ena mwa iwo amanena poyera kuti masamba anawasiya kunyumba, kuno abwerera nyama. Wokonza msonkhano amene walipira ndalama zambiri pa munthu aliyense safuna kumva madandaulo oti anthu anadyetsedwa chisoso. Ndiwo zathu zimafunanso manja ndi nthawi, pakuti kusadzula nkhwani wokwanira anthu zana si ntchito yamasewera, pamene kabichi amangodulidwa, ndipo zambiri mwa ndiwozi zimapezeka mwa nyengo. Koma kapoto ka nkhwani kamene kanatha msanga kaja kakutsutsa chifukwa choyamba, ndipo ntchito yosadzula ndi kusinja ingapatsidwe kwa magulu a amayi a m'midzi yozungulira hotela, amene angapeze msika wodalirika. Ngakhale powerengera ndalama nkhani ikukomera zakwathu. Kuchokera pamene ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, zinthu zoitanitsa kunja monga pasta, tchizi ndi maapozi a ku South Africa zinakwera mtengo kwambiri, ndipo ndalama zakunja zogulira zinthuzo n'zosowa. Ndondomeko yolimbikitsa kugula katundu wa m'dziko muno ya Buy Malawi inakhazikitsidwa mu 2016, koma pa tebulo la hotela zambiri sinafikebe.

Kadzutsa anali wabwino pang'ono kuposa nkhomaliro pa nkhani imeneyi. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro linalipo, lophikidwa mpaka kupsa, ndipo linkatengedwa kwambiri kuposa chimanga cha m'mapaketi chothira mkaka. Mazira ankakazingidwa munthu akuona, tiyi anali wa m'dziko muno, koma khofi anali wa ufa wa m'chitini, chinthu chovuta kuchimvetsa m'dziko limene alimi a ku Misuku ndi madera ena a kumpoto amalima khofi wogulitsidwa kunja kudzera ku Mzuzu Coffee. Panali nyemba za m'chitini zotsekemera ndi masoseji, koma futali, chinangwa chowiritsa, zitumbuwa ndi chigumu panalibe. Zotsekemera za pambuyo pa chakudya sizifuna mawu ambiri: keke youma, kasitadi, ndi zipatso zodulidwa kale zimene zinali zitayamba kuda m'mphepete. Zakumwa zinali za m'mabotolo zokhazokha, popanda thobwa kapena madzi a malambe.

Pa za mtengo, amene akulipiridwa ndi bungwe alibe chodandaula, koma wolipira kuchokera m'thumba mwake ayenera kuganiza kawiri. Ndalama ya buffet imodzi ingadyetse banja lonse m'malo odyera abwino a pa boma la Mangochi, zakumwa zimalipiridwa padera, ndipo ndi bwino kufunsiratu ngati msonkho wa VAT ndi wa zokopa alendo zili kale mu mtengo umene mwauzidwa, kuopa kudabwa bilu ikabwera. Buffet imeneyi ikuyenera ndalama yake pa tsiku limene chambo chikuwotchedwa panja, ndipo pa tsiku lotero fikani moyambirira, lambalalani saladi, muyambire kumapeto kwa tebulo kumene kuli nsima ndi nyemba, kenako mupite kwa wowotcha nsomba. Pa masiku ena ndi bwino kuitanitsa mbale imodzi pa mndandanda wa zakudya. Ngati mukugona pamalopo, lankhulani ndi akukhitchini m'mawa. Nditapempha nkhwani wotendera ndi nsima ya mgaiwa kuti ndidye madzulo, anandikonzera popanda kuwonjezera mtengo, nsinjiro zake zili zokwanira, masamba ake ofewa koma osasungunuka, ndipo wophika wamkulu anatuluka yekha kudzafunsa ngati mchere unakwana.